Amayi Dailesi, Amene Ankamwa Pambuyo pa Alendo

Amayi Dailesi tinawaika m'manda mwezi watha, ndipo tchalitchi chinadzaza mpaka pakhonde. Anayamikidwa kwambiri. Ena mwa amene anawayamika mokweza ndi omwe aja ankawakwinyira nkhope ali moyo. Ndiye moyo wawo ulembedwe monga unalili.

Anabadwira kutsidya kwa nyanja, m'mudzi wina pafupi ndi Kobwe ku Mozambiki. Ali kamtsikana ankasesa m'katchalitchi kaudzu ka m'mudzimo, ndipo mapemphero anawaloweza asanadziwe kuwerenga. Anakwatiwa ndi msodzi. Nkhondo ya Apwitikizi itafika kumeneko, mudzi unatenthedwa, mwamuna wawo anatengedwa osabwereranso. Iwo anawoloka pabwato kupita ku Likoma, khanda lili kumsana. Khandalo analiika m'manda ku Likoma komweko. Mu 1966 sitima ya Ilala inadzawatula padoko lathu ali ndi nsalu imodzi ndi kamphika.

Nkhata Bay sinawalandire ndi manja awiri. Ankasenza madengu a usipa a eni ake kuchokera kugombe la Chikale kukafika kumsika, ankachapira mabanja a makalaliki, ankasenda chinangwa cha anthu kuti apatsidweko ufa. Chitonga chawo chinkasekedwa. Dzina anali nalo, koma ankangotchedwa "wa kutsidya uja". Pambuyo pake anakwatiwa ndi malemu a Gibson, onyamula katundu padoko, munthu wofatsa wa mpingo uno. Ngakhale apo, bungwe la amayi linawadikiritsa zaka ndi zaka lisanawaveke yunifomu. Tsiku limene anaivala analira. Ankaisita ndi simbi yobwereka, ndipo pabenchi la kutsogolo ankakhala mowongoka ngati akuopa kuti wina awauza kuti asunthe.

Zaka zaposachedwazi kutsidya kunabukanso nkhondo. Za nkhondoyo si zolemba muno. Tingoti anthu anayambanso kuwoloka, ndipo ena anali a chikhulupiriro chathu chomwechi. Lamulungu ankakhala pansi, kumbuyo, pafupi ndi chitseko pamene timakhala ife a makanda. Ankatsokomola, inde. Ena anali ndi mphere. Ana athunso ali ndi mphere.

Manong'onong'o anayambira pa chikho. Pa Mgonero wa Ambuye tonse timamwera chikho chimodzi. Anthu anayamba kukankhana popita kuguwa kuti amwe alendowo asanafike. Wochedwa, akapezeka wagwada pambuyo pa mlendo, ankangogunditsa chikhocho pachibwano, milomo ili yotseka. Amene timakhala kumbuyo tinkaona zonsezi.

Pa msonkhano wa amayi wa Lachinayi, Ama Nyalongwe, mtsogoleri wa bungwe, anabwera ndi nzeru.

"Sikuti tikuwasala ayi," anatero. "Ndi ukhondo chabe. Tiwagulire chikho chawochawo, chokongola ndithu."

Amayi Dailesi sankayankhula pa misonkhano. Tsiku limenelo anadzutsa mutu.

"Ama, nanga ine ndizimwera chiti?"

"Aa, inu ndinu athu," anatero a Nyalongwe. "Munasamba kalekale inu."

Amayi enawo anaseka mpaka kugundana mapewa. Amayi Dailesi anayang'ana nkhope zimenezo imodziimodzi, anthu amene anawaphikira pa maliro, amene anawalerera ana. Mumtima munawatentha. Zaka zonsezi ankayesa kuti analandiridwa, chikhalirecho anangokhululukidwa.

"Ndinatsika Ilala ndi mphere zomwezo," anatero pang'onopang'ono. "Ndinamwera chikho chomwechi. Ndani wa inu anafa?"

Wina anayambitsa nyimbo.

Lamulungu lotsatira sanapite kubenchi la kutsogolo. Anakakhala pansi, yunifomu ili m'thupi, pambali pa mayi wina wothawa nkhondo dzina lake Rozalina, amene chifuwa chake chinkamveka tchalitchi chonse. Kuguwa anagwada pambuyo pake. Wansembe atapukuta mlomo wa chikho ndi kansalu n'kuchitembenuza monga mwa mwambo, iwo anachigwira ndi manja onse awiri, nachibwezera pomwe panamwera Rozalina, n'kumwa. Anachita zimenezi Lamulungu lililonse mpaka miyendo inawakanika.

Musaganize kuti zinali zaulere. Amayi awiri anatumidwa kunyumba kwawo kukanena kuti yunifomu sikhala pansi, asankhepo chimodzi. Usiku umenewo anaichapa, m'mawa anaisita, naipinda bwinobwino, n'kukaitula okha m'manja mwa a Nyalongwe. Pobwerera analira njira yonse ya ku Chikale, pakuti ankaikonda. Kumsika amene ankagula zitumbuwa zawo anayamba kudutsa akuyang'ana kumbali. Wina akawafunsa chifukwa chodzivutitsira chotero muukalamba, ankangoti, "Mwini chikho sanandifunse kuti ndasamba liti."

Akuluakulu a mpingo anati nkhaniyo ikambidwe mofatsa. Pokambirana mofatsapo chikho chachiwiri chinagulidwa, ndipo chili m'kabati, chikudikira kuti avomereze.

Chaka chino Amayi Dailesi anayamba kutupa miyendo. Kuchipatala anati ndi mtima. Anatero momveka, koma m'misewu mawu anali akuti, "Mwaonatu, atengera kwa anzawo aja." Amene anawasamalira, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, ndi Rozalina ndi mwana wake wamkazi.

M'mawa wa tsiku lawo lomaliza wansembe anawabweretsera Mgonero kunyumba. Amayi a bungwe anabweranso, nadzaza kachipindako ndi nyimbo. Amayi Dailesi anadzutsidwa, namwa. Wansembe anatembenukira kwa a Nyalongwe amene anagwada pafupi.

"Ife tikalandira Lamulungu, Abambo," anatero a Nyalongwe, maso ali pansi.

Wansembe anaima ndi chikho m'manja, osadziwa kolowera. Rozalina anakwawa ndi maondo, nachilandira, namwa. Mwana wakenso anamwa.

"Musawakakamize, Abambo," ananong'ona Amayi Dailesi. "Ludzu lidzawapeza."

Atatero anapempha kuti awagonekenso. Anapemphera m'Chinyanja cha kwawo, chimene ambiri tinali tisanawamvepo akuyankhula, ndipo masana omwewo anagona mwamtendere, dzanja lawo lili m'dzanja la Rozalina.

Akuluakulu akumana mwezi uno kuti agamule za chikho chili m'kabati chija. Asanakumane, akhale kumbuyo Lamulungu limodzi aone. Sabata yathayi Rozalina anagwada kuguwa, ndipo pambali pake panali malo okwana anthu atatu. Mzere unali wautali mpaka kuchitseko, koma aliyense anapeza chokonza pa nsalu yake.

Ambuye apatse Amayi Dailesi mpumulo wosatha. Ife atipatse manyazi.