Mipando Yofiira

Galimoto ija ndinaipeza ku Verulam, kufupi ndi Durban, kuseri kwa nyumba ya Mmwenye wina wokalamba, itakhala panjerwa pansi pa mtengo wa mango. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wakumbuyo. Inali yakale kuposa ineyo, ya mphuno yaitali, nyali zozungulira, mabampala achitsulo chenicheni, osati mapulasitiki a masiku anowa oti ukangotsamira aphwanyika. Ndinapita kumeneko kukawotcherera geti. Geti ndinawotcherera ndithu, koma maso anali kumango. Patatha miyezi iwiri ndinabwererako ndi lole ya mnzanga wa kuntchito, ndinaigula, tinainyamula mpaka ku Mayville kumene ndimachita lendi.

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo pafakitale ina ku Prospecton. Mkazi wanga ndi ana ali ku Ntcheu. Ine kuno ndili ndi chipinda chimodzi, bedi, ketulo, basi. Kuntchito ndimayankhula Chizulu ndi Chingelezi. Foni ikalira ndili m'tekisi, minibasi za kuno, nambala ili ya kumudzi, ndimaisiya ilire mpaka itope, chifukwa anthu ena kuno akamva chiyankhulo chachilendo nkhope zimasintha. Chichewa changa chinkatuluka tsiku limodzi lokha pasabata, Lamulungu, m'galaja ya mkulu wa mpingo wathu, bambo obadwira ku Zimbabwe koma makolo awo a ku Dedza. Tikatha kupemphera tinkamwa tiyi, kusekana, kujeda amene sanabwere. Anthu amenewo ndiwo anali abale anga onse mu Durban muno.

Galimotoyo inandidyera zaka zitatu. Amene amati galimoto yakale ndi chisangalalo chokhachokha sanagonepo chagada pakatoni, oilo akumudonthera m'khutu. Mphepo ya kunyanja kuno imadya chitsulo ngati chiswe: utseke bowo pachitseko, dzimbiri latulukira pansi. Kachitsulo kena ka mu kabuleta, kochepa ngati chikhadabo, ndinakasaka miyezi inayi kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, iwo akungondiuza kuti ndikaikwirire galimotoyo ipume. Ndinaitukwana. Ndinaigenda ndi sipanala. Tsiku lina ndinalumbira pali mayi anga kuti mawa ndiigulitsa, mawa lakelo ndinali pansi pake kukucha. Koma tsiku limene injini inalira koyamba, ndi mawu ake okhuthala aja, ndinakhala pachiwongolero n'kumaseka ndekha ngati wamisala. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukonza zinthu za eni ake. Ichi chokha chinali changa.

Kumpingo sankandisiya. "Achimwene, nanga akazi aang'ono adzuka bwanji?" Wofunsa zimenezi anali bambo wina wa ku Mulanje, wosamalira maluwa kunyumba za azungu, amene ankakhala misewu itatu kuchokera kwanga. Munthu wa nthabwala zosatha. Ankati tsiku limene idzayende, iye adzakhala kutsogolo, chigongono pawindo, anthu adziwe kuti Amalawi nawonso afika. Onse ankadikira tsikulo, paja kwathu galimoto si ya mwini yekha. Imanyamula odwala, amayi apakati, matumba a chimanga. Zimenezo palibe anafunika kundiphunzitsa, ndinakulira momwemo.

Chomaliza kukonza chinali mipando. Ndinaipereka kwa wosoka, anaikuta ndi chikopa chofiira, ndipo ndinaimanga m'galimoto Lachinayi. Inkanunkhira bwino moti ine mwini wake ndinkayala thawulo ndisanakhalepo.

Loweruka masana foni inalira. Anali akazi a bambo a ku Mulanje aja. Amuna awo anali atadwala masabata awiri, tsopano akusanza magazi, sakutha kuimirira, ndipo ambulansi imene anaiitana m'mawa inali isanafike.

"Achimwene, tithandizeni ndi galimoto. Chipatala si patali."

Ndinali nditaima pambali pa galimotoyo, kansanza kopukutira kali m'manja. Ndinasuzumira pawindo, ndinaona mipando. Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana ndi mtima wanga nthawi yaitali, koma lingakhale bodza lachiwiri. Pakamwa panangotseguka pokha.

"Pepani mayi, yakana kulira kuyambira dzulo."

"Chabwino, zikomo," anatero, n'kudula foni. Pambuyo pake ndinamva kuti anapeza kalole ka munthu wogulitsa masamba, patadutsa maola awiri.

Lamulungu sindinapite kumpingo, manyazi. Ndiye taonani uchitsiru wake: m'malo mokhala phee m'nyumba, ndinatulutsa galimoto ati mutu uzizire. Pamaloboti ndinaima moyandikana ndi tekisi, ndipo pawindo lake panali amayi awiri a mpingo wathu, akuchokera kokaona wodwala uja. Galimoto yotere siibisika, ngakhale wakhungu amaimva kulira kwake. Anandiyang'ana ine, anayang'ana galimoto, kenaka anayang'ana kutsogolo.

Bambo aja anamwalira Lachitatu. Ndinamva kuti adokotala ananena kuti ngakhale akanafika msanga sizikanasintha kanthu. Mwina ndi zoona. Ine sizinandichotsere chilichonse pamtima, chifukwa pamene ndinkanama paja zimenezo sindinkazidziwa.

Anthu anasonkhana kunyumba kwa mkulu wa mpingo kukonza zotumiza thupi kumudzi. Ndinapita ndi galimoto, thawulo nditalisiya kunyumba, ndili wokonzeka kunyamula chilichonse: nkhuni, mapoto amwaye, ngakhale mbuzi yamoyo ikodzere pampandopo. Nditalowa ndinatseka geti. M'bwalomo munali ife tokhatokha, panalibe mlendo woti timuope. Amayi anali pansi pamikeka akuimba motsitsa, abambo pamipando m'mbali mwa galaja. Palibe anandisunthira malo. Ndinavula chipewa, ndinanjuta pamaso pa akuluwo.

"Bambo, ndinalakwa. Ndinanama. Galimoto ili panjapo, itumeni kulikonse kumene mukufuna."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira, kapena kundiwaza mbama pamaso pa anthu onsewo, ndikanadziwa kuti ndikadali mwana wa pakhomo. Anandiyang'ana mofatsa, n'kundiyankha m'Chizulu chaulemu, chimene amayankhula kwa munthu wosamudziwa pamsewu. Anati zikomo kwambiri, za mayendedwe akonza kale, ndiyende bwino.

Kenaka anatembenukira kwa bambo amene anakhala nawo pafupi n'kupitiriza nkhani yawo m'Chichewa, ya bokosi ndi mapepala a pamalire. Ine ndinali chinjutire pomwepo, chipewa chili m'manja, ndikumva mawu aliwonse.