Nsanja Yopaka Laimu ya pa Lirangwe

A Yobu Makwinja a kwa Kuntaja anakwera ndege kawiri m'moyo mwawo, popita ku Joni ndi pobwerera, ndipo maulendo onsewo anatsinzina kuyambira ponyamuka mpaka potera. Anakulira pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka, koma zouluka sankazikhulupirira. Iwo ankakhulupirira mtengo, komanso pokhapokha atayamba augogoda.

Kugogodako anakakuphunzira ku mgodi, kumene ntchito yawo inali yochirikiza denga la pansi pa nthaka ndi mitengo. Mtengo wabwino ukaumenya ndi nyundo umayankha msanga. Wofumbwa umayankha ngati munthu amene wadzutsidwa kutulo. Pobwera kumudzi mu 1974 anabwerako ndi njinga, jekete, nyundo ndi zala zisanu ndi zitatu. Ziwiri zosowazo sankazidandaula. Ankati zinatsala ku Joni tsiku limene anachita ulesi kugogoda.

Anakwatira a Modesta, nkumalima chimanga chimene dzuwa la ku Chileka linkagawana nawo pakati. Chilimwe chikafika ankalowa ntchito ya zomangamanga. Njerwa sankaigwira. Iwo ankamanga nsanja zoimapo omanga: mapolo a bulugama, matabwa ndi chingwe cha khonje. Ntchito imeneyi siisiya dzina, poti nyumba ikatha nsanja amaphwasula. Polo lililonse lisanaime ankaligogoda, ndipo lolephera ankalilemba mtanda ndi khala nkuliponya pa mulu wa nkhuni kuseri kwa chimbudzi. Anzawo ankawatcha Dokotala wa Mitengo, osatinso mwaulemu ayi.

Mu 1978 anali pa Lirangwe, pomwe kontilakitala wina ankamanga holo yaitali ya misonkhano. Mwezi wa Ogasiti kunabwera mkulu wa ofesi ina ya boma ku Blantyre, a Harry Nasiyaya, kudzaphunzitsa antchito kupewa ngozi. Anabwera ndi tayi, zithunzi zolembedwa Chingerezi ndi zisoti zolimba khumi ndi ziwiri, pamene antchito anali makumi anayi. Kwa maola awiri anafotokoza kuopsa kwa makina onyamulira katundu m'mwamba, omwe pa Lirangwe sanafikepo, ndi kwa nthambo za magetsi, zomwe pa holopo panalibe. Atatha anajambula chithunzi, natolera zisoti zija, naziwerenga kawiri, poti mawa lake zinkafunika ku Lunzu.

"Pali funso?" anatero a Nasiyaya.

A Makwinja anakweza dzanja la zala zitatu. "Bwana, nanga anankafumbwe buku lanu likuwati bwanji?"

A Nasiyaya anavundukula masamba. "Zimenezo, bambo, ndi za a zamalimidwe."

Kuyambira tsiku limenelo a Makwinja ankati munthuyo ndi tayi yokhayokha.

Mu Okutobala amalume awo anamwalira, ndipo anapita kumaliro masiku anayi. M'masiku omwewo kunabwera uthenga woti mlendo wolemekezeka wochokera kulikulu adzafika Lachisanu kudzaika njerwa yomaliza pamwamba penipeni pa khoma. Pankafunika nsanja yatsopano, yaikulu, ya makwerero, yoti pakwanire anthu makumi awiri, ndipo pansi pake amayi adzaimbe ali mumthunzi. Mapolo anaperewera. Kapitawo, a Dickson, anakumbukira mulu wa kuseri kwa chimbudzi uja. Ndipo popeza masiku amenewo mlendo akamabwera chilichonse chosathawa chinkapakidwa laimu, miyala, mitengo ya m'mbali mwa msewu, ngakhale chulu, mapolo onse anayeretsedwa mbee. Mitanda ya khala inakwiririka.

A Makwinja anafika Lachisanu m'mawa, ng'oma zikuwambidwa kale. Anaona nsanja yoyera ngati mkwatibwi, nayang'ana kuseri kwa chimbudzi. Kunalibe ngakhale kamtengo. Anatulutsa nyundo. Polo loyamba linayankha bwino. Lachiwiri linayankha ngati lili m'bulangete. Pa mapolo khumi onyamula nsanjayo, asanu ndi limodzi anali a mtanda aja.

"Achimwene, mwatani apa?"

A Dickson sanawayang'ane kumaso. "Ndi ola limodzi lokha, madala. Akwera, aika njerwa, atsika. Mtengo ungathyoke pa ola limodzi?"

"Zala zanga izi zinatenga kuphethira kumodzi."

"Ndiye kawauzeni nokha a Tcheyamani. Ine ndili ndi ana."

Ana anali nawonso a Makwinja, atatu. Ankadziwa, monga aliyense ankadziwira, kuti munthu wosokoneza mwambo wotere sankapita kukhoti. Ankangokwera galimoto, abale nkumati wapita kukachita maphunziro. Komabe anapita kwa a Tcheyamani a chipani a deralo, navula chipewa, nanena monong'ona kuti nsanjayo siingakwereke.

A Tcheyamani anawayang'ana kuyambira kumapazi. "Wakutumani ndani?"

"Palibe, bwana. Mitengoyo ndi yofumbwa."

"Mitengo yoyera choncho? Inu mukufuna mlendo wathu abwerere osaika njerwa, kuti Lirangwe yense achite manyazi. Khalani pompano, musachoke. Tikambirana mwambo ukatha."

Anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira, anasendera pafupi ngati akungofuna mthunzi.

Pamenepo mpamene a Makwinja anaona tayi ija. A Nasiyaya anali atabwera ndi zisoti zawo, kuti alendo avale pojambulidwa. Munthu womira amagwira ndi udzu womwe. A Makwinja anawapempha kuti abwere pansi pa nsanja, nagogoda polo labwino, kenako lofumbwa.

"Mwamva kusiyana, bwana?"

"Kunena zoona, ayi."

A Makwinja anatola msomali, naukankha ndi chala chachikulu pa polo loyeralo. Unalowa wonse ngati mu mbatata yophika, ndipo pouzula panatuluka ufa wachikasu, nkugwera pa nsapato ya a Nasiyaya. Mkuluyo anauyang'ana ufawo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana m'mwamba, pomwe iye mwini ankayenera kudzaima kuseri kwa mlendo, ndi pansi, pomwe amayi ankayala zitenje. A Makwinja anadziuza mumtima kuti basi, uyu akwera galimoto yake, anamizire kudwala mutu.

Koma a Nasiyaya anakonza tayi, natsegula buku lawo pakati, napita kwa a Tcheyamani ali chiwerengere.

"Mwa lamulo, gawo lachisanu ndi chinayi, nsanja iliyonse yoti pakwere mlendo wolemekezeka iyenera kuyamba yasenzetsedwa katundu wofanana ndi anthu okwerapo. Ndi ulemu umene boma limapereka kwa akuluakulu okhaokha. Kapena a Tcheyamani akuona kuti mlendo walero safika pa ulemu umenewo?"

Funso limenelo, masiku amenewo, linali ndi yankho limodzi.

Anachotsa anthu onse pansi pa nsanja. Antchito anakwera nsanja ya mkati mwa holo, yomwe anamanga a Makwinja eni ake, nkumadumphitsa matumba a mchenga pa khoma kuikira pa nsanja yoyera ija, popanda woipondapo. Amayi anasiya kuimba nkuyamba kuwerenga mokweza. Khumi. Khumi ndi limodzi. Pa thumba la khumi ndi chinayi panamveka kulira kochepa ngati chitseko, ndiye nsanja yonse inagwada, nkukhala pansi ndi phokoso lomwe mbuzi za kumsika zinalimva. Fumbi la laimu linakwera kuposa holoyo. Matumba atatu anagwera pomwe panali zitenje paja.

Woyamba kupeza mawu anali a Tcheyamani, ndipo chala chawo chinapeza a Makwinja.

"Ndi uyu! Kuyambira m'mawa amaimenya ndi nyundo, tonse tamuona. Waifoola dala. Mtengeni!"

Anyamata aja anawagwira mikono. A Makwinja sanalimbane nawo. Ankangoganiza kuti chimanga cha chaka chino abzala ndani.

"Msiyeni munthu wa boma," anatero a Nasiyaya. "Bambo awa ofesi yathu inawaika kukhala oyesa nsanja dera lonse la mfumu Chigaru kuyambira tsiku la maphunziro. Kugogodako ndinawalamula ndine. Kalata yake nayi."

Anasanthula m'chikwama chawo atatembenukira galimoto, ndipo kusanthulako kunatenga nthawi yokwanira kulemba mizere itatu. Kenako panamveka kuti phwa! Anatembenuka ndi pepala lomwe chidindo chake chinali chisanaume. A Tcheyamani analigwira m'mphepete. Akanatha kutsutsana ndi munthu, koma ndi chidindo analibe nacho chizolowezi.

Mlendo anafika mochedwa ndi maola atatu, monga mwa mwambo. Anapeza zibenthu zitachotsedwa, pabwalo patasesedwa, ndipo anaika njerwa yake pa khonde, pansi, m'manja mukuwombedwa. Lipoti la a Nasiyaya linati pa Lirangwe panachitika chionetsero cha kupewa ngozi, chomwe chinayenda monga mwa dongosolo.

Madzulo a tsikulo a Makwinja akukankha njinga kubwerera kwawo anakumana ndi a Modesta panjira, atasenza bulangete ndi kambale komanga m'nsalu. Wina anali atathamanga kukawauza kuti amuna awo atengedwa.

"Nanga mukupita kuti, mayi?"

"Kaya! Ndimati ndifunsa m'njira momwemo." Anawakhudza paphewa ngati akuyesa ngati ndi iwodi. "Tengani bulangete lanulo, landilemera."

A Makwinja anamanga nsanja zaka zina khumi ndi zinayi, kuyambira ku Chileka mpaka ku Matope, ndipo pa nsanja zawo sipanagwe munthu. Akapitawo ovuta ankawaonetsa pepala lija, lomwe linafika pong'ambika m'mapindo. Chaka chilichonse masau akapsa ankadzaza dengu, nkukwera basi ya ku Blantyre, nkukaima pa khomo la ofesi ija chipewa chili m'manja mpaka a Nasiyaya atuluke. Mlonda ankaganiza kuti ndi achibale a kumudzi.

Ulendo wina, a Nasiyaya atatsala pang'ono kupuma ntchito, a Makwinja anapempha chinthu chimene anakhala akuchifuna.

"Bwana, mundiwerengereko gawo lachisanu ndi chinayi lija. Ndikufuna ndikawauze anzanga mmene linalembedwera."

A Nasiyaya anatseka chitseko, natsitsa buku lija pa shelefu, nalitsegula kumapeto, naloza ndi chala.

"A Makwinja, buku ili limathera pa gawo lachisanu ndi chiwiri."

A Makwinja anayang'ana tsambalo, ngakhale Chingerezi sankachiwerenga. Kenako anaika chipewa pansi, nagwira dzanja la a Nasiyaya ndi manja awiri, ndipo sanalisiye msanga.