Sitima ya M'kagalasi

Amuna anga atabwera ku Halale, ndinkayembekeza bulangete kapena nsapato. Iwo anatulutsa kabokosi kakuda, amvekere ndi kamera. Tinali titangokwatirana kumene, tikukhala kufupi ndi Chonde, ine ndikuthyola tiyi pa esiteti.

Amuna angawo sankajambula anthu. Amayi anga anachita kuvala chilundu chatsopano n'kukhala pakhonde kudikira, koma akamwini awo anati filimuyo ndi ya sitima. Loweruka masana ankandikweza panjinga mpaka cha ku Luchenza, pamene njanji imakhota, n'kukhala paudzu kumatchera khutu.

"Kodi muli ndi m'bale m'sitimamo?" ndinawafunsa.

"Ayi. Ndimangoikonda basi."

"Nanga mukaijambula, ndiye chitani?"

Anangoseka.

Tsiku lina anafuna kuti nawonso aoneke pachithunzi, sitima ikudutsa kumbuyo kwawo. Anandipatsa kamera ija. "Uigwire pamimba, uziyang'ana m'kagalasi ka pamwambaka. Sitima ikafika pamene ndaimapa, utsitse kachitsulo aka."

Ndinawerama n'kuyang'ana. M'kagalasimo amuna anga anali ngati nyerere, ndipo ndikapendekera uku, iwo amathawira uko. Wezulo ya sitima inalira. Makutu anga amati sitima ikuchokera kumanja, koma m'kagalasi utsi unatulukira kumanzere, kutali zedi, kasitima kake kosaposa chala. Ndinayamba kusuntha pang'onopang'ono kuti ndiwapeze bwino amuna anga. Ndinamva miyala ikundibaya kumapazi, osaganiza n'komwe kuti ndi miyala ya m'mbali mwa njanji.

Wina anakuwa m'Chisena, ine osamva chimene akunena. Amuna anga amatambasula manja, ine n'kumati akukonzekera chithunzi. Kenaka ndinangomva munthu wandikoka nsalu kumbuyo, ndili khu! paudzu. Sitima inadutsa ndi mphepo yotentha, nthaka ikunjenjemera, timakala tikundigwera m'tsitsi.

Wondikokayo anali bambo wachikulire, kapitawo wa anthu okonza njanji. Ankapuma movutika.

"Mayi, simumaiona?"

"Ndimaiona, bambo. Inali kutali."

"Kutali kuti?"

Ndinaloza kamera. Anaitola, nayang'anamo nthawi yaitali, akuitembenuza uku ndi uku. Kenaka anapukusa mutu n'kutembenukira kwa amuna anga.

"Achimwene, kanthu kanuka kamanama. Mukafuna kujambula, muziima kuseri kwa ngalande iyo, osapitirira. Wina akaweramira m'kabokosi, mnzake aziyang'ana sitima ndi maso ake. Ndipo pokhota njanji pano musadzabwerenso, woyendetsa sakuonani."

Pobwerera sitinakwere njinga, tinayenda pansi tikuikankha. Amuna anga anayesa kundifotokozera za magalasi, kuti amatembenuza zinthu, koma pofika pakati nawonso anasokonezeka, n'kungoti, "Ndalakwa ndine." Ine sindinkadziwa ngati ndikwiye, ndiseke kapena ndilire.

Chithunzicho chitabwera kuchokera ku Limbe kumene anakachitsukitsa, panali thambo loyera ndi nthambi ya mtengo basi. Sindikumbuka n'komwe kuti kachitsulo kaja ndinakatsitsa nthawi yanji.

Tinapitabe ku njanji, pamalo ena oongoka, kuseri kwa ngalande. Iwo amawerama, ine nditagwira malaya awo kumbuyo, maso ali kunjanji. Chimene ankakonda pa sitima sindinachimvetse mpaka anamwalira. Koma masiku ena m'munda wa tiyi, mphepo ikabweretsa kulira kwa wezulo kuchokera kutali, manja anga ankaima okha, mpaka mnzanga wa mumzere andigwedeze.