Zitumbuwa za amake Chisomo

Pagulu lathu la amayi a mpingo ochita geni pa Boma tili ndi lamulo: maliro akamugwera mnzako, umamugulitsira malonda ake. Ndiye uthenga utawapeza amake Chisomo pamsika kuti apongozi awo atisiya ku Kadewere, atcheya athu analoza ine.

Ine! Kugulitsira munthu woti ndinamuphunzitsa ndekha kukazinga zitumbuwa, iye n'kudzakhazika beseni lake pambali pa langa, n'kundilanda akabaza onse.

Ndinavomera ndi "Ameni" wamphamvu. Beseni lawo ndinaliika padzuwa, langa pamthunzi. Wakabaza akaloza zawozo, ndinkanong'ona kuti, "Achimwene, zimenezo n'zadzulo. Komabe mimba ndi yanu." Zanga zinatha dzuwa lisanafike pamutu. Zawo zinatsala zonse, ntchentche zikuchitirapo msonkhano.

Lachinayi kumapemphero amake Chisomo anaimirira, maso ali otupa. "Malonda sanayende, koma mnzangayu anakhala nawo tsiku lonse. Mulungu amukumbukire." Amayi onse anandisanjika manja n'kundipempherera.

Manyazi anandigwira, sindikana. Koma akabaza aja mpaka lero amagula kwa ine, ndipo sindinawauzebe zoona zake, kuti zitumbuwa zija sizinali zadzulo.