Mphete ya Pazenera

Telala wina anapirira zambiri m'banja, koma za mphete zinkamudya mumtima. M'mawa uliwonse mkazi wake ankavula mphete ya ukwati, n'kuisiya pazenera, n'kuthamangira kuntchito. Kasitomala wina wapakamwa anafunsapo: "Kodi akazi anu kunjaku amayenda ngati mbeta?" Telala anaseka, koma singano inamubaya chala.

Mkaziyo ankagwira ntchito kokonza mabatire a magalimoto amagetsi, ndipo anzake ankamutcha Nakoka. Dzinalo silinabwere pachabe. Batani la malaya, chogwirira cha ndowa, ngakhale dzino la mwana, chilichonse ankayamba wachikoka kuti aone ngati chagwira.

Tsiku lina telala anatseka shopu masana, ati akapatse mkazi wake ambulera kuntchito. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe.

Pageti mlonda anamuvulitsa wotchi, lamba ndi mphete. Manyazi anamugwira asanalowe n'komwe, koma chidwi chinamukankhira m'kati. Anapeza Nakoka ataweramira timabatire tambirimbiri, tondandalikidwa ngati mabotolo m'kireti. Ankayala kachitsulo kopyapyala pamitu pake, makina n'kujompha: tha! tha! Timadontho tiwiri, ngati msoko.

"Bwanji osangomata ndi mtovu?" anafunsa telala.

"Kutentha kumapha batire. Apa moto umangokhudza n'kuthawa."

"Nanga mphete inalakwanji?"

"Ikagunda mitu iwiri imafiira ngati khala, chala chili momwemo."

Kenako Nakoka anatenga kabatire koyesera, n'kukoka kachitsulo kaja ndi chopanira mpaka kung'ambika. Timadontho tija tinatsala pamutu pa batire, tili nga!

"Mwawononga!"

"Ayi. Kakamatuka bwinobwino ndiye kuti sikanagwire. Pamsewu wa mabampu kadzayamba kugwedera, kadzatentha, galimoto n'kuyaka anthu ali m'kati. Kogwira kamalolera kung'ambika."

Telala anamva msanga, paja nayenso msoko sautulutsa asanaukoke. Anaima pamenepo atagwira ambulera, akunyadira mkazi wake komanso akudzida.

"Ambulerayo ndi ya dzuwa?" anafunsa Nakoka osadzutsa mutu.

"Ndimati... nkhani ya mphete ija..."

"Ndikudziwa, bambo a mwana. Mwabwera kudzakoka. Ndiye mwapeza zotani?"

Telala anayang'ana kachitsulo kong'ambika kaja.

"Chagwira," anatero chapansipansi.

"Basi kazipitani. Ndipo mphete yanuyo musaiiwale kwa alonda, anthu angayambe kundifunsa."