Matayala a Taku ndi Msewu wa Amayi Ake

Lachiwiri lapitali ndinakwezedwa udindo. Ine amene ndakalamba ndikupanikizana m'makombi, maminibasi athu aja, amene sindinayendetsepo china choposa wilibala, ndinaitanidwa kukasankha matayala a galimoto yaliwiro.

Wondiitana anali Takudzwa, mwana wa mlongo wanga. Timangoti Taku. Anabadwira ku Mufakose, lokeshoni ya muno mu Harare, ngati tonsefe, koma chipezereni ntchito ya makompyuta akuchita lendi ku Waterfalls. Chichewa amamva, poyankha amathiramo Chishona, ndipo ine amanditchula sekuru m'malo mwa malume. Ndinatopa nako kumukonza.

Mnyamatayu wagula galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yogwada pansi ngati ikununkhiza msewu. Malimu amene inabwera nawo wawachotsa, wagula ena akuluakulu onyezimira. Kwa anzanga oyenda pansi, limu ndi chitsulo chozungulira chija amavekapo tayala. Tsono malimu atsopano amafunanso matayala atsopano.

Mufunsa kuti ine ndimalowapo bwanji? Ndi mwambo. Kwathu mwana sagula chinthu chachikulu malume osachiona. Kungoti masiku ano malume amaitanidwa mwana atasankha kale, ntchito yake n'kugwedeza mutu ndi kumwa chakumwa chozizira.

Tinapita ku Graniteside, kwa bambo wina wamimba yake wogulitsa matayala, wa pakamwa potsekemera kuposa mlaliki wa m'basi. Anatifotokozera kuti limu likakula, tayala liyenera kuonda, apo ayi gudumu lonse lizikhula bodi. Kenako anagubuduza tayala lopyapyala ngati lamba wa thalauza, nalisisita mwachikondi.

"Ili, bwana, labala wake ndi wofewa. Mukakhota mukuthamanga, galimoto siterereka, imamata phula. Mizere iyi ndi yotulutsa madzi mvula ikagwa."

"Nanga likagwa m'dzenje?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Mudhara, galimoto iyi si ya m'maenje."

Ndinasuzumira panja kuti ndione ngati tasamukira dziko lina ine osadziwa. Ayi ndithu, tinali mu Harare momwe muno, ndipo pageti pa shopu yakeyo panali dzenje loti mbuzi ingamwemo madzi.

Wogulitsayo anavomera monyinyirika kuti njira ina ilipo: kubwerera ku malimu ocheperako n'kuvala tayala lonenepa, lotha kumeza mabampu. Taku anachita tsinya.

"Sekuru, tayala lonenepa pa mota iyi? Ndiye kuvala suti ndi majombo kumeneko!"

Apa m'pamene ndinamukumbutsa za Loweruka.

Inu a kunja kwa mpingo wathu, imvani. Mwana akagula galimoto, ulendo wake woyamba waulemu ndi wa kwa amayi ake. Amaiimika pageti, amayi a mvano amabwera atavala zoyera zawo, amaimba, amaipempherera, ndipo mayi wobereka ndiye amayamba kukhala pampando wakutsogolo anthu akuona. Mlongo wanga Esinati wakhala akuimbira magalimoto a ana a eni ake kuyambira kalekale. Mwamuna wake anamwalira Taku ali wamng'ono, ndipo Esinati anamuphunzitsa mwanayo ndi tomato wopikula ku Mbare Musika, dengu pamutu, mvula kaya dzuwa. Loweruka limeneli inali nthawi yake. Anali ataitana msewu wonse, ngakhale aja sayankhulana nawo, makamaka iwowo.

Vuto ndi msewuwo. Phula limathera pamashopu. Kuchokera pamenepo kukafika kwa Esinati, mvula inadya zonse n'kusiya maenje okhala ndi mayina. Ana amati ili ndi la agogo, ilo ndi la abusa, malingana ndi amene anagweramo.

"Tiona, sekuru," anatero Taku akujambula tayala lija pafoni. "Zikavuta ndiimika pamashopu, mhamha abwera wapansi. Si patali."

Ndinakalipa nditamva zoti amayi ake ayende wapansi. Ndinatchula tomato, ndinatchula malemu bambo ake, ndinatchula ngakhale agogo athu amene anachoka ku Dedza wapansi. Iye anaseka, nandigwira paphewa, nagula matayala opyapyala aja onse anayi.

Ndisanamizire kuti galimotoyo ndi yoipa. Pobwerera anandikweza, ndipo pamsewu wosalala inkayenda mokoma moti ndinaiwala nyamakazi. Pakona inamatadi. Atsikana ena anandiyang'ana kawiri, chinthu chimene chinasiya kundichitikira ndisanamere imvi. Potsika ndiye ndinatuluka chokwawa, koma imeneyo ndi nkhani ya mawondo anga.

Chimene chikundiwawa n'chakuti Taku sali yekha. Tayang'anani m'malokeshoni mwathu Lamlungu masana. Anyamata athu akuyenda mokhotakhota pa liwiro la maliro, mutu uli kunja kwa windo, akuzemba maenje, nyimbo zili phokoso. Galimoto yogulidwa kuti izithamanga ikupitiriridwa ndi mayi wosenza nkhuni. Limu likapindika amalira ngati aferedwa, mawa n'kukagula lina lalikulu kuposa loyamba. Kodi tayala amasankhira msewu umene uli pa chithunzi cha m'foni, kapena umene munthu adzayendemo?

Ndipo si matayala okha. Tili ndi ana ogulira makolo sofa yosalowa pakhomo la nyumba ya m'lokeshoni, mpaka kugumula felemu. Tili ndi ena obwera kumaliro ndi nsapato zoopa fumbi la kumanda, n'kumaonerera ali patali ngati alendo.

Koma tisawanyoze okha ana. Tinawaphunzitsa ndife. Kuyambira ali aang'ono tinkawauza kuti limbikira sukulu uchoke muno. Anamva. Lero chizindikiro choti mwana zamuyendera n'chakuti katundu wake sakwananso kwawo, ndipo ife makolo timanyadira kumene. Mayi amauza mnzake pampopi kuti galimoto ya mwana wanga singafike kuno, ndi yapamwamba kwambiri, akumwetulira ngati wapambana mpikisano.

Lachisanu ndinakwera kombi kupita ku Mufakose kuti ndikamukonzekeretse mlongo wanga. Ndinali nditachedwa. Taku anali atamuimbira kale Lachitatu za nkhani yoimika pamashopu.

Ndinamupeza pamsewu, dzuwa lili pamutu, atamanga chitenje cholimba m'chiuno, chidebe cha zidutswa za njerwa chili pamutu. Ankazitola pa mpanda wina wogwa kuseri kwa tchalitchi. Amakhuthulira m'dzenje, kuthira dothi, kuwaza madzi, n'kusinja ndi munsi wake wa pamtondo. Maenje ambiri anali atatsekeka kale. Anayamba tsiku lomwelo la foni.

"Achemwali, mwapenga? Ntchito iyi ndi yanu?"

"Nanga ndi ya ndani, achimwene? Anthu ndawaitana kale. Mukufuna amayi a mvano akaimbe pamashopu, pakhomo pa bala, ngati mwana alibe kwawo?"

"Akanagula matayala ena. Analipo, ndinawaona ndi maso angawa."

"Mwana wagula zimene mtima wake wakonda. M'malo moima pamenepo ngati kapitawo, tandilandirani chidebechi." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ndipo musakamuuze. Angachite manyazi."

Ndinasenza zidebe mpaka madzulo, ndikutukwana chamumtima. Ndinakwiya ndi Taku, ndinakwiya ndi wamimba wa ku Graniteside, ndipo ndinakwiya kwambiri ndi mlongo wanga chifukwa ankaimba nyimbo uku akusinja.

Loweruka Taku anafika pamashopu, naona kuti msewu ukuoneka bwino, nayesa mwayi. Galimoto yofiira inalowa pang'onopang'ono mpaka pageti, osakhula pansi ngakhale kamodzi. Nthungululu zinamveka mpaka msewu wachiwiri. Aja osayankhulana ndi Esinati anaonerera pamwamba pa mipanda yawo, nkhope zili gwa. Mnyamata anatuluka atavala magalasi akuda, nabwera kwa ine mano onse ali pamtunda.

"Mwaona, sekuru? Mumaopa chiyani? Matayala awa ndi moto! Ndiponso msewu aukonza, kaya ndi ndani. Zinthu zikusintha mu ghetto."

Ndinatsegula pakamwa. Esinati anandiponda phazi.

Amayi a mvano anaimba, anapemphera, anatchula ngozi zonse za pamsewu n'kuzithamangitsa m'dzina la Ambuye. Itakwana nthawi yoti mayi akhale pampando wake, Taku anatsegula chitseko monyadira. Esinati anagwira chitsekocho, anayamba kuwerama, n'kuima panjira. Msana unakana. Anayesanso ataluma mlomo, koma mpandowo uli pansi kwambiri, ndipo msana umene wasenza njerwa kuyambira Lachitatu sunafune zokambirana.

"Ndidzakhala tsiku lina," anatero akuseka. "Lero msana wadzuka ndi mwano."

Anthu anaseka naye. Anangosanjika dzanja padenga la galimoto, natseka maso, nadalitsa mwana wake. Atachotsa dzanjalo panatsala chidindo cha mafuta amene anapaka pa matuza a m'manja mwake. Amayi a mvano akulowa m'nyumba kukamwa tiyi, ndinaona Taku akutulutsa kansalu kofewa m'thumba. Anauzira mpweya pamalopo, napukuta bwinobwino mpaka penti inawalanso.

Ndinalonjeza kuti sindimuuza, ndipo sindinamuuze. Za kulemba sitinapangane. Komanso Taku Chichewa cholemba chimamuvuta, adzafunika womuwerengera.

Iwe amene udzamuwerengere, usadumphe mzere. Ndipo Taku, mwana wa mlongo wanga, matayalawo usawabweze, ndi okongola ndithu. Ungopita ku Mufakose, uvule magalasi akudawo, uwapemphe amayi ako kuti akuonetse zikhatho zawo. Ukaziona udzandiuze: galimoto yako ija inafika pageti itakwera pa chiyani?