Chigafa chomangidwa ndi kontirakita

Lachiwiri lapitali ndinali ku Kabudula, ndipo mtima wanga sunatsikebe.

Mlongo wanga, a Nambewe, anandiimbira foni kuti ndikaone fodya wawo. Uyu ndi fodya wa bale woyamba kulima okha chimwalirire alamu anga, ndipo ana atatu akuyang'ana masamba amenewo. Chigafa chakale chinadyedwa ndi chiswe, choncho mu Disembala anafuna munthu womanga china.

M'mudzimo muli a Makwinja, bambo wa ku Phalombe amene anabwera ngati tenanti pa esiteti ndevu zisanamere. Zigafa zimene amanga m'dera limenelo palibe angaziwerenge. Koma mlongo wanga anawalambalala, nakatenga mkulu wina pa Nsaru, wovala chipewa cholimba chachikasu ndi chijekete chonyezimira, tepi yoyezera ili lende m'chiuno.

"Achimwene, ameneyu si waganyu ayi," anandiuza nthawi imeneyo. "Ndi kontirakita."

Kontirakitayo sanagwire mtengo ngakhale umodzi. Anabweretsa amisiri awiri omanga mipanda ya njerwa ku Njewa, anthu oti sanasokepo fodya chibadwire. Anamanga chinthu chokongola, sindikana. Denga lotsika bwino, m'mbali monse chipepala chakuda cha pulasitiki kufika pansi kuti mvula isalowe, ndi kachitseko komwe.

Inu a ku Nambuma ndi ku Namitete mwayamba kale kupukusa mitu. Bale amauma ndi mphepo, n'chifukwa chake chigafa chimakhala pululu m'mbali. Mukachitseka, masamba amachita thukuta pa mikangala yopachikapo fodya, n'kuda bii, n'kuyamba kunanda. Nditatsegula kachitseko kaja, fungo linandibweza. Fodya yense amene anathyola koyamba ndi kachiwiri anali atawola.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinapsera mlongo wanga yemwe.

"Kodi inu, zaka zonsezi mwakhala mukusoka fodya ndi malemu, simunaone kuti muno mulibe mphepo?"

"Ndinaona, achimwene. Ndinafunsanso. Anati amenewa ndi mamangidwe amakono. Nanga ine ndi ndani kuti nditsutse kontirakita?"

Yankho limeneli ndilo landisowetsa mtendere sabata yonse. Mayi amene amadziwa fodya kuposa tonsefe anatseka pakamwa chifukwa cha liwu limodzi lachingerezi.

Tili ana, kontirakita anali kampani yokonza msewu wa ku Mchinji, ya zimagalimoto zotifwenthetsa fumbi. Kenako liwulo linatsikira kwa womanga midadada ya sukulu ndi wokumba mijigo. Pamenepo zinali zomveka. Lero woumba njerwa ndi kontirakita. Wokumba chimbudzi ndi kontirakita. Wosonkhanitsa amayi opalira mtedza, iye atakhala pamthunzi ndi foni, nayenso ndi kontirakita. Ndikaunguza bwino, tanthauzo latsala limodzi: munthu wolandira ntchito imene saidziwa, n'kukaipereka kwa ena amene mwina saidziwanso.

Musandimve molakwa. Alipo makontirakita enieni, ndipo milatho yawo tikuwolokapo mpaka lero. Vuto ndi ifeyo. Tikangomva liwuli timavula chipewa, mafunso onse n'kuthawa. Munthu wovala nsanza tingamufunse kuti, "Munamangapo kuti? Tikaone." Wa chijekete chonyezimira timamuyalira mpando n'kumuphera nkhuku. Akulu ananena kale kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, koma ife timameza osang'amba n'komwe.

Ndi matenda omwewa amene amatichititsa kuyang'ana kalibati akuikidwa pamtunda, madzi akudutsa pambali, tonse tili chete. Aliyense m'mudzi amadziwa kumene madzi amayenda mvula ikagwa. Ndani angauze kontirakita?

Mkulu wa chigafa uja tinamuimbira. Anati vuto ndi nyengo, nadula foni.

Lachitatu m'mawa mlongo wanga anamanga chitenje napita kwa a Makwinja. Ndinawaperekeza, ndipo manyazi amene anali nawo panjirapo ndinawamvera chisoni. A Makwinja sanadandaule kuti anawalambalala. Anangotenga chikwanje, nafika n'kung'amba chipepala chija mbali zonse, n'kuyamba kutalikitsa mikangala.

"Mayi, masamba apamwamba amene ali m'mundawa tipulumutsa," anatero. "Awa ndiye manyowa basi. Tithandizeni kutulutsa."

Tinatulutsa mpaka dzuwa kupendeka. Mlongo wanga ankanyamula mtolo uliwonse, theka la thukuta lawo la chaka chino n'kumaliunjika kuseri kwa khola.

Pobwerera kunyumba mlongo wanga anandifunsa kuti a Makwinja aja tiziwatchula kuti chiyani, popeza "waganyu" sikukuwakhalanso bwino pakamwa.

Ndiye ndikufunseni inu. Munthu wodziwa ntchito tilibe dzina lomulemekezera, wosaidziwa tamupatsa dzina loti tikalimva timaopa kufunsa. Tiwoletsa fodya wa amayi angati tisanayambe kufunsa aliyense kuti, "Munamangapo kuti?"